Gitala la Amalume

M'mudzi wina wa Acewa, kufupi ndi Katete, munali munthu amene anthu anaiwala dzina lace lenileni, namamucha Wagitala. Dzina limeneli analilandira cifukwa ca cinthu cimodzi cimene anabwera naco pocokera ku migodi. Nkhani ino iri ya masabata atatu amene munthuyo anabvutika mumtima, osadziwa ngati cinthuco acisinthanitse ndi cina, kapena acigulitse, kapena angocisunga. Bvuto lotere limafika kwa munthu ali yense amene ali ndi cuma cimodzi cokha, ndipo nkwabwino kuona m'mene Wagitala analiweruzira.

Wagitala anacoka kwao m'caka ca 1951, dziko lino likali kuchedwa Northern Rhodesia. Anali mnyamata wosakwatira, ndipo anapita kukafuna ndalama za msonkho ndi za zobvala, monga anacitira anyamata ambiri masiku aja. Anakwera lole pa mseu waukulu wocokera ku Fort Jameson, mzinda umene lero uchedwa Chipata, naoloka mtsinje wa Luangwa pa mlatho, nafika ku Lusaka. Kumeneko anakwera sitima ya pamtunda kunka kumpoto ku migodi ya mkuwa, ndipo analembedwa nchito yokankha ngolo za miyala pansi pa nthaka.

M'komboni imene anakhalamo munali anthu a mitundu yambiri: Abemba, Alamba, Alozi, Ansenga, Angoni, ndi ena ocokera ku Tanganyika ndi ku Katanga. Usana anthuwa anagwira nchito mumdima, koma madzulo, makamaka pa Loweruka, komboni yonse inadzaza ndi nyimbo. Kuyambira m'caka ca 1949 m'dziko muno munali wailesi yotsika mtengo, yoyendera batire, imene Azungu anaicha Saucepan Special cifukwa inaoneka ngati poto. Pa wailesi imeneyi anthu anamva Alick Nkhata ali kuimba ndi gitala kucokera ku Lusaka. Amene anali ndi galamafoni analiza mbale za Jean Bosco Mwenda, mnyamata wa ku Katanga amene Hugh Tracey anajambula nyimbo zace m'caka ca 1952 ku Jadotville, mzinda umene lero uchedwa Likasi. Mnyamata ali yense m'komboni analakalaka kuliza gitala monga anthu amenewa.

Wagitala anapalana ubwenzi ndi munthu wina wa ku Katanga amene anagona naye nyumba imodzi, ndipo munthuyo anamphunzitsa malizidwe a kwao. Cala cacikulu ciliza nsambo zonenepa za mau akulu, cala colozera ciliza nsambo zoonda za mau ang'ono, kotero kuti womvera ayesa kuti oliza ali awiri. Pofuna kuti mau akwere, anamanga pensulo mopingasa pa khosi la gitala ndi kamphira, ndipo mnzao wacitatu anagogoda botolo ndi msomali kuti nyimbo iyende bwino. M'caka ca 1954, atasunga ndalama miyezi isanu, Wagitala anapita ku Ndola, nagula gitala lacelace m'sitolo ya Mmwenye. Linali la mtundu wa Gallotone, lopangidwa ku South Africa, la nsambo 6, ndipo analipira mapaundi 4 ndi mashilingi 10. Masiku amenewo kwacha ndi ngwee kunalibe, pakuti zinayamba m'caka ca 1968. Anthu anawerenga mapaundi ndi mashilingi, ndipo paundi imodzi inali mashilingi 20.

Koma nchito ya ku migodi iri ndi nthawi zace. Pofika caka ca 1958 mtengo wa mkuwa unali utatsika kwambiri m'misika ya kunja, ndipo anthu ambiri anacotsedwa nchito. Wagitala anali mmodzi wa iwo. Anayendayenda miyezi ingapo kufuna nchito ina osaipeza, ndipo ndalama zimene anasunga zinathera pa cakudya. Potsiriza anabwerera kwao ndi sutikesi ya malata, bulangete limodzi, nsapato, ndi gitala lokulunga m'thumba la ufa.

Anthu a pamudzi anaseka pang'ono poona kuti zaka 7 za ku migodi zabala bokosi loimbira. Koma pamene analiliza madzulo oyamba, kuseka kunatha. Ana anasiya masewera ao, akazi anabwera ndi maungu ao osenda, ndipo nkhalamba zimene zinadziwa kalimba ndi bangwe zinasendera pafupi kuti zione. Wagitala anawafotokozera kuti nsambo payokha iribe mau ambiri, koma bokosi la matabwa opyapyala ndilo likulitsa mau, monga cipanda cikulitsa mau a kalimba. Analisamala gitalalo ngati mwana wakhanda. Sanalisiye padzuwa kapena pafupi ndi moto, cifukwa kutentha kung'amba thabwa. Akatha kuliza anapukuta nsambo kuti thukuta lingazicititse dzimbiri, ndipo m'nyengo yotentha anazimasula pang'ono kuti khosi lingapindike. Kuyambira pamenepo dzina lace lakale silinamvekenso.

Tsono Wagitala anali ndi mlongo wace wamkulu, amene mwamuna wace anapita ku Salisbury, mzinda umene lero uchedwa Harare, nakhala mchona, osatuma kalata kapena ndalama. Mai ameneyu anatsala ndi ana atatu. Woyamba anali mtsikana wa zaka 13, wakhama pa sukulu, amene tsiku lina anaona anamwino pa cipatala ca St Francis ku Katete, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanafunenso nchito ina. Masiku aja malo a m'makalasi apamwamba anali ocepa, ndipo ana a Sitandade 4 analemba mayeso kuti asankhidwe opita ku Sitandade 5. Pa sukulu ya pafupi ndi mudziwo anasankhidwa ana awiri okha, ndipo mmodzi anali mtsikanayo.

Madzulo ena mlongoyo anafika pakhomo pa Wagitala, nakhala pansi, natulutsa kalata. Anati, “Acimwene, kalata iyi yacokera ku sukulu ya misyoni. Akuti mwana akagone komweko, ndipo afike masabata atatu asanathe. Afuna mapaundi 2 ndi mashilingi 10, ndiponso bulangete ndi madiresi awiri. Ine ndiribe kanthu. Nsawa ndinakolola zocepa cifukwa ndinalima ndekha, ndipo mbuzi ija inafa. Ngati nkosatheka, mwana akhale. Alipo kale anthu amene ayamba kufunsira mbeta.”

Wagitala sanayankhe msanga. Anadziwa mwambo wa Acewa, kuti ana ali a kucikazi, ndipo malume ndiye mwini mbumba, woyang'anira alongo ace ndi ana ao. Nkhaniyi sinali yopempha cifundo. Unali mlandu wace. Anawerenga mumtima: sukulu mashilingi 50, bulangete 12, nsalu ya madiresi 10, zonse pamodzi mashilingi 72. Anayang'ana m'nyumba mwace, ndipo maso ace anaima pa cipupa pamene panapacikidwa gitala. Anati, “Ndamva, mlongo wanga. Pitani mukagone, ndiganize.”

Nkhani ya pamudzi siicedwa kuyenda. Patapita masiku awiri panafika munthu wa mudzi wa patsidya, amene kale anagwira nchito m'minda ya fodya ya Azungu. Munthuyo anali ndi njinga ziwiri, ndipo anakhumbira gitalalo kuyambira tsiku limene analimva. Anaimika njinga ya Raleigh pabwalo nati, “Mnzanga, ndalama ndiribe, koma tisinthane. Iwe utenge njinga iyi, ine nditenge gitala. Uiyang'ane bwino, sindikubisa kanthu.”

Wagitala anaiyang'anadi. Anazunguza magudumu naona kuti ayenda osapotoka; anagwira mabuleki, nakoka cheni, nafufuza ngati citsulo cinathyokapo ndi kuocereredwa. Njingayo inali yakale koma yolimba, ndipo munthu ali yense akadanena kuti mtengo wace uposa wa gitala. Mwini njinga anati, “Ndi njinga iyi ukhoza kupita ku Luangwa kukagula nsomba zouma, nudzagulitsa kuno. Caka camawa udzalipira sukulu ya ana onse atatu. Gitala lidyetsa ndani?” Mau amenewa anali oona, ndipo Wagitala anapempha sabata limodzi kuti aganize.

M'mawa mwace panafikanso wina, kalaliki wa bwalo la milandu la mfumu yaikulu, mnyamata wobvala tai, amene analandira malipiro mwezi ndi mwezi. Iye anati, “Bambo, ndamva kuti muli pa bvuto. Ine ndikupatsani mapaundi 3 lero lomwe.” Wagitala anamva kuwawa mumtima, cifukwa mapaundi 3 ndiwo mashilingi 60 okha. Ndalamazo zinali zocepa poyerekeza ndi zimene iye analipira ku Ndola, ndiponso zinapereweza mashilingi 12 pa zofunika za mwana. Anathokoza kalalikiyo, napemphanso nthawi.

Tsopano njira zinali zitatu, ndipo Wagitala anagona nazo usiku uli wonse. Akaganiza zosunga gitala, anadziuza kuti adzaliza pa mowa ndi pa maukwati, anthu namponyera ndalama; koma anadziwa kuti pamudzi anthu aponya makobiri ndi matiki, ndipo masabata atatu sangabale mashilingi 72. Akaganiza za njinga, mtima unakondwa, pakuti anadziona ali munthu wa malonda, wokhoza kumanga nyumba yabwino ndi kukwatira. Akaganiza za kalaliki, mtima unagwa, pakuti kugulitsa kunali kutaya cinthu cokondedwa pa mtengo wocepa. Anaganizanso zocenjera, kuti atenge njinga, naigulitse, napeze ndalama zambiri. Koma atachula mumtima anthu onse a m'midzi yozungulira, sanapeze ndi mmodzi yemwe amene akadatulutsa mapaundi 5 kapena 6 m'masabata awiri. Sabata loyamba linatha iye asanaweruze kanthu, ndipo anayamba kuonda.

Pamapeto a mudziwo panali nkhalamba ina, wosula makasu, mbale wa agogo ace a Wagitala. Maso ace anali atacita mdima, koma nzeru zinali zonse. Wagitala anapita kwa iye, naomba m'manja, nafotokoza nkhani yonse. Nkhalambayo inamvetsera osamdula mau, ndipo pomaliza inati:

“Mdzukulu wanga, ine ndinakula ndalama zisanacuruke. Atate anga anasula khasu, nalisinthanitsa ndi nkhuku, kapena mcere, kapena dengu la mapira. Kusinthana nkwabwino, pakuti cimene walandira ucigwira ndi manja, ndipo sicisungunuka. Koma kusinthana kufuna cinthu cimodzi: kuti mnzakoyo akhale naco cimene iwe ucisowa. Tsiku lina atate anafuna mankhwala a mwana wodwala, koma sing'anga sanafune khasu, anafuna mbuzi. Anayenda masiku anai kufuna munthu wa mbuzi wosowa khasu. Tsono ndikufunse: cimene usowa lero nciani? Njinga kodi, kapena malo a mwana pa sukulu?”

Wagitala anati, “Malo a mwana, Agogo. Koma njinga idzabala ndalama za zaka zambiri.”

Nkhalambayo inati, “Idzabala, ngati nsomba zipezeka, ngati tayala siliphulika, ngati iwe sudwala malungo ku cigwa. Zonsezo nza mawa. Akulu anati, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Kodi aphunzitsi adzasunga malo a mwanayo kufikira caka camawa? Kodi ukapita ndi njinga, adzalandira gudumu lakutsogolo m'malo mwa ndalama, ndipo wa sitolo adzalandira cishalo m'malo mwa mtengo wa bulangete? Njinga siigawika, mdzukulu wanga. Ndalama zigawika.”

Wagitala anati, “Ndiye kuti ndigulitse, Agogo?”

Nkhalambayo inaseka niti, “Sindinatero ai. Ndalama nazo ziri ndi nthenda yao. Ziri ngati madzi otungira m'licero. Ndaona anthu ambiri akugulitsa ng'ombe cifukwa ca bvuto limodzi, ndipo pofika Lolemba ng'ombe palibe, ndalama palibe, bvuto liri pomwepo. Gitala ndi lako, mbumba ndi yako, weruza wekha. Koma usacedwe, pakuti mapanga awiri abvumbwitsa.”

Tsiku lotsatira mwini njinga anabweranso, namuuza kuti aiyese. Wagitala anaikwera, natsika nayo njira yonka ku mseu waukulu. Mphepo inamuomba kumaso, ana anathamanga pambuyo pace ali kukuwa, ndipo akazi ocokera kudambo anaima kumyang'ana. Kwa nthawi yoyamba cibwerere ku migodi anadzimva kuti ali munthu pakati pa anthu. Pobwerera anali atatsimikiza mumtima kuti abvomera, ndipo anauza mwini njinga kuti abwere m'mawa.

Madzulo omwewo anadzera kwa mlongo wace kuti akamuuze kuti mwana adikire caka cimodzi. Asanafike pakhomo anaona muphwa wace, mtsikana uja, atakhala kuseri kwa nkhokwe pamodzi ndi mlongo wace wamng'ono. Mtsikanayo anali atamasula kansalu kamene anamangiramo mabuku ace, ndipo anali kuwapereka limodzi limodzi kwa mnyamatayo, namuuza kuti awasamale, asawanyowetse. Potsiriza anampatsa ndi pensulo lomwe. Sanali kulira, ndipo palibe munthu anamuuza kuti atero. Ataona amalume ace anagwada nati, “Amalume, musabvutike cifukwa ca ine. Ndamva kuti mufuna kutaya gitala lanu. Ine ndidzathandiza amai kumunda.”

Wagitala anaima osanena kanthu. Anaona kuti mwanayo waweruza kale mlandu umene iye, munthu wamkulu, analephera kuweruza sabata lathunthu, ndipo wauweruza modzimana yekha. Anaonanso cimene mtima wace unambisira ali pa njinga paja: kuti njingayo anaifuna iye mwini, ndipo mau akuti “caka camawa” anali cobvala cabe cobisira cikhumbo cace. Mtsikana wa zaka 13 amene afunsiridwa kale mbeta sakhala ndi caka camawa ca sukulu. Pamenepo anati, “Mwana wanga, tenga mabuku ako, uwamangenso.” M'mawa mwace anapita yekha patsidya, napepesa mwini njinga.

Koma Wagitala sanathamangire kwa kalaliki tsiku lomwelo, pakuti anadziwa kuti wogulitsa mofulumira agulitsa motaya. Anatsitsa gitala, nalipukuta ndi kansalu ka mafuta pang'ono. Anacotsa nsambo imodzi imene inayamba dzimbiri, naikapo yatsopano, yomaliza mwa zimene anabwera nazo. Anamangitsa kacitsulo kamodzi kokungira nsambo kamene kanali kugwedera. Pa Loweruka analikulunga m'thumba lija la ufa, napita nalo kwa kalaliki.

Kalalikiyo, monga acitira ogula onse, anayamba kufuna zirema. Anati utoto wafufuta pamene pakhudza dzanja, ndipo gitalalo lakalamba. Wagitala anati, “Akalaliki, cirema cenicenico simunacione; ndikuonetseni ndine.” Anatembenuza gitala, namuonetsa kamng'alu kakang'ono kumsana kwace, nati kanacitika pa lole pobwera, ndipo sikanakule ciyambire. Kenaka anati, “Tsono onani cimene ciri cofunika.” Anamuuza kuti aike diso kumutu kwa gitala ndi kuyang'ana motsata khosi, monga mlenje ayang'ana mubvi. Khosilo linali loongoka. Anamuonetsa kuti nsambo ziri pafupi ndi khosi, kotero kuti zala sizipweteka pokanikiza, ndi kuti kathabwa kogwira nsambo pamimba pa gitala sikanayambe kumatuka. Anati, “Gitala lopindika khosi, ngakhale liwale bwanji, ndi nkhuni cabe.”

Atatero anamanga pensulo pakhosi, naliza. Analiza monga sanalizepo ndi kale lonse, pakuti anadziwa kuti ali kutsazika. Amesenjala a bwalo anasiya nsolo yao, ndipo mkazi wa kalaliki anatuluka m'khichini ndi mthiko m'manja. Atatha, kalalikiyo anapuma mozama nati, “Koma ine sindidzatha kuliza cotero.” Wagitala anati, “Ndipatseni mapaundi 4, ndipo ndidzabwera pa Loweruka kanai kudzakuphunzitsani.” Kalalikiyo analowa m'nyumba, natuluka ndi ndalamazo, naziwerenga pamaso pa amesenjala awiri kuti akhale mboni.

Apa mpamene Wagitala anakumbukira licero la nkhalamba ija. Anadziwa kuti akalowa m'mudzi ndi mapaundi 4 m'thumba, wina adzabwera ndi nkhani ya msonkho, wina ndi ngongole yakale, ndipo anzace adzamuitanira ku mowa kuti amtonthoze. Ndipo onsewo nkobvuta kuwakaniza. Cifukwa cace sanapite kwao. Anagona kwa mbale wace pafupi ndi mseu, ndipo m'mamawa anayenda pansi ulendo wa tsiku lathunthu kunka ku misyoni. Pa Lolemba anapereka mashilingi 50 kwa mphunzitsi wamkulu, nalandira lisiti lolembedwa dzina la mwanayo. Pobwerera analowa m'sitolo, nagula bulangete la mashilingi 12 ndi nsalu ya mashilingi 10. Ndi mashilingi 8 otsalawo anagula mbeu ya nsawa. Anafika pamudzi alibe ndi kobiri lomwe, ndipo amene anabwera kudzapempha anaonetsedwa lisiti.

Asanathe masabata atatu aja mtsikanayo anasenza kabokosi kace, napita ku sukulu. Koma munthu asayese kuti Wagitala sanamve kutaya kwace. Madzulo mudzi unakhala cete. Ana anafika pakhomo pace mwa cizolowezi, naima pang'ono, nabwerera. Msomali umene anapacikapo gitala unatsala pacipupa, ndipo iye sanauzule. Pa Loweruka anapita kwa kalaliki monga analonjeza, nagwira gitala lace lomwe ngati mlendo, nalibweza kwa mwini wace dzuwa likapendeka. Loweruka lacinai litapita sanapitenso njira imeneyo. Njinga ija inatengedwa ndi munthu wina amene anapereka mwana wa ng'ombe. Munthuyo anayambadi malonda a nsomba, ndipo patapita zaka zowerengeka anafolera nyumba yace ndi malata. Wagitala anaona zonsezi, ndipo masiku ena mtima unamuwawa. Anthu sanaleke kumucha Wagitala, ngakhale gitala analibe.

Mvula itagwa, iye ndi mlongo wace anaswa mphanje, nabzala nsawa zija. Anapalira pa nthawi yace, ndipo zimene anakolola zinalipira sukulu ya caka caciwiri. M'nyengo ya cirimwe, nchito ya kumunda itacepa, zala zace zinayamba kumyabwa. Anatenga cigubu ca mafuta, nacidula, nakungapo cikopa ca mbuzi. Anasema khosi la mtengo wouma, naboola mabowo a zikhomo zokungira. Posowa nsambo anapita kwa mwini njinga uja, amene analibe naye mangawa, ndipo iye anampatsa waya wakale wa mabuleki. Wagitala anaumasula, napeza timawaya toonda. Cotero anapanga banjo ya nsambo zinai. Mau ace anali aukali, osafewa ngati a gitala, koma ana anabweranso pakhomo, pakuti luso la munthu silikhala m'thabwa, likhala m'zala ndi m'makutu, ndipo limenelo kalaliki sanaligule.

Mtsikana uja atabwera pa chuti, atatsiriza Sitandade 6, anakhala pamphasa madzulo namvetsera banjoyo. Anayang'ana msomali wa pacipupa nati, “Amalume, kodi simulikumbuka?” Wagitala anati, “Ndilikumbuka masiku onse.” Mtsikanayo anati, “Nanga mukadakhala ndi mwai wosankhanso?” Iye analeka kuliza, naganiza, pakuti sanali munthu woyankha zongokondweretsa. Kenaka anati, “Kukadapanda kalata ija, ndikadatenga njinga, ndipo ndikadacita bwino. Koma kalata inabwera. Tenga nyale, undiwerengere zimene alemba pa pepala la msika wa nsawa ili, pakuti ciwerengero cao ine cindizunguza mutu.” Mtsikanayo anatenga nyale, nawerenga, napeza kuti wolemba anaphonya mashilingi awiri.

Kusinthana sikuposa kugulitsa masiku onse, ndipo kugulitsa sikuposa kusinthana. Munthu amene ali ndi cuma cimodzi, ndipo ogula awiri aima pakhomo pace, asayambe ndi kufunsa kuti cokwera mtengo nciti. Ayambe wafunsa cimene asowa, ndi tsiku limene acisowa, ndiponso ngati cimene adzalandiraco cidzafika kumene kuli bvuto. Akatero adzifunsenso funso lobvuta koposa onse, limene Wagitala analiyankha kuseri kwa nkhokwe: kodi cimene mtima wanga ukondwera naco cithandiza yani?

MAFUNSO

1. Kodi ncifukwa ciani mlongo wa Wagitala anapita ndi kalata kwa iye, osati kwa abale a mwamuna wace?
2. Nkhalamba inati, “Njinga siigawika.” Fotokozani tanthauzo la mau amenewa.
3. Mapaundi 4 ndiwo mashilingi angati? Lembani m'mene Wagitala anawagawira.
4. Chulani zinthu zitatu zimene munthu ayenera kuyang'ana pogula gitala lakale.
5. Kodi Wagitala anacita bwino kuonetsa kalaliki mng'alu umene iye sanauone? Perekani zifukwa zanu.
6. Funsani akulu a kwanu zinthu zimene anthu anasinthana kale ndalama zisanacuruke, ndipo mulembe zimene mwamva.